Mapepala angati, bwana, kuti tikwezedwe?

Kumudzi akangomva kuti mwana wa uje amaphunzitsa pa yunivesite, basi ameneyo ndi pulofesa, ndipo maliro akagwa dzina lake limakhala loyamba pa ogula bokosi. Koma ife eni ake tikudziwa kutalika kwa makwerero ake: Lecturer, Senior Lecturer, Associate Professor, kenako Professor, ndipo ena a ife tinayambira pansi penipeni pa Staff Associate. Pa sitepe iliyonse pamakhala komiti, ndipo funso lake ndi limodzi lokha: "Mwasindikiza mapepala angati?"

Kafukufuku sitikumukana ayi. Timamukonda, n'chifukwa chake tinasankha ntchito imeneyi. Koma timuchite nthawi yanji? Boma likufuna ana ambiri alowe m'mayunivesite, ndipo n'zabwino. Yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa, n'kutuluka mayunivesite a KUHeS ndi MUBAS. Ophunzira achuluka, koma manja ochonga mayeso ndi omwewo. Kalasi ya chaka choyamba imadzaza mpaka ena kumvera pawindo. Ukatuluka mmenemo, pakhomo pa ofesi pali ana a chaka chachinayi atanyamula mapulojekiti awo. Loweruka ndi la ophunzira a kumapeto kwa sabata. Nanga pepalalo lilembedwa ndi ndani, ndipo liti?

Chopweteka n'chakuti thukuta lonseli likafika pa fomu yokwezera anthu limangopatsidwa kamzere kamodzi. Mwana uja unakhala naye mpaka mdima kumufotokozera chifukwa choti anachokera ku sekondale yopanda labu, lero ndi namwino kapena injiniya, koma ameneyo komiti simuwerenga. Imawerenga mapepala, ndiponso osati mapepala wamba. Akhale a m'majonalo odziwika, makamaka opezeka pa Scopus kapena Web of Science. Ukalemba za usodzi wa pa nyanja ya Chilwa kapena za matenda a chinangwa ku Nkhata Bay, mkonzi wa kutsidya kwa nyanja atha kukuyankha kuti nkhaniyo siikhudza owerenga ake. Nanga Amalawi amene ikuwakhudzawo si anthu? Ndipo popanda PhD njira imathera pafupi, choncho umasiya banja zaka 3 kapena 4 kukaisaka kunja, n'kubwera ana atakula osakudziwa bwino.

Tsono pepala likalandiridwa, m'malo mosangalala umagwira mutu. Majonalo ambiri oti aliyense aziwerenga mwaulere amalipiritsa wolemba, kawirikawiri madola 1,000 kapena kuposa, ndipo Nature inaika mtengo wa ma euro 9,500 mu 2021. N'zoona kuti ena amatichotsera ife a m'mayiko osauka, koma si onse, ndipo ena amangochotsa theka. Theka lakelo ndi la m'madola, pamene malipiro athu ndi a m'makwacha. Kwachayo inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale uzisonkhanitse ndalamazo, kubanki akuuza kuti ndalama zakunja kulibe, udikire. Jonalo idikira iwe?

Ndiye taphunzira kupulumuka, inunso anzanga mukudziwa. Timadzuka 3 koloko m'mawa magetsi akayaka, n'kumalemba ana ali mtulo. Laputopu timatchaja ku ofesi, bandulo timagula ya usiku. Mapepala a mayeso amayenda nafe m'chikwama mpaka kumaliro, kuti tikapeza kampata kuseri kwa nyumba tichongeko awiri atatu. Alawansi ya wekishopu ku Salima kapena ku Mangochi sitiidya: timagona kwa mlamu, chakudya chamadzulo n'chimanga chootcha, yotsalayo ipite ku jonalo. Alipo amene anatenga ngongole ku banki mkhonde ya akazi awo kuti asindikize pepala. Alipo amene amaimbira msuweni wa ku Johannesburg kuti awalipirire ndi khadi lake, iwo n'kubweza potumiza feteleza kwa amayi ake kumudzi. Pepala loti tiwerenge likakhala lotsekedwa, timatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mnzathu amene ali ku London kuti atitsitsire.

Njira zina zimene umphawiwu watiphunzitsa n'zomvetsa chisoni. Kafukufuku mmodzi kumugawa patatu kuti mapepala achuluke. "Achimwene, ndiikeniko dzina panu, nanenso ndikuikani panga." Ndiye pali aja otitumizira makalata pa intaneti, otitchula kuti pulofesa wolemekezeka, olonjeza kusindikiza pepala m'sabata imodzi bola tilipire. Jeffrey Beall, woyang'anira laibulale pa yunivesite ina ku Colorado, ankasunga mndandanda wa majonalo achinyengo oterewa mpaka unachotsedwa mu 2017, koma iwowo sanathe. Munthu wotopa, amene wakhala pa giredi imodzi zaka zambiri, amakodwa. Ndalama zapita, komiti yakana pepalalo, mbiri yake yaipa. Timuseke? Ayi, chifukwa tikudziwa chimene chinamukankhira kumeneko.

Ukakwanitsa zonse, umajambulitsa mulu wa mapepala ndi ndalama zako, kumangitsa bwinobwino, kupereka. Kenako ndi kudikira. Akuti atumiza kwa akatswiri akunja kuti aunike, akuti mmodzi sanayankhe, akuti komiti sinakumane. Ukafunsa kawiri ayamba kukuona ngati wovuta. Amayi anzathu ndiye zawo n'zowirikiza: mwana wadwala, kunyumba akudikira nsima, koma muyeso ndi womwewo.

Muyeso umenewu unachokera kunja. Ku America mphunzitsi amayesedwa zaka pafupifupi 6 asanakhazikitsidwe pantchito, ndipo akalephera amachoka. Koma m'mayunivesite awo akuluakulu amayamba amupatsa ndalama zoyambira kafukufuku, labu yogwira ntchito ndi laibulale yodzaza. Ife tinatenga muyeso wokha, zipangizo zake n'kuzisiya komweko. Mayiko a mu Africa analonjezana kuika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ambiri sanafikepo.

Mabwana athu, sitikupempha kuti mutikweze ulere. Muyeso ukhalepo, ndipo ukhale wolimba. Koma ikani thumba lolipirira kusindikiza, lodziwika kwa aliyense. Amene ali ndi kafukufuku m'manja muchepetsereni makalasi kwa semesita imodzi. Majonalo athu a kuno ndi a mu Africa muno, akakhala ounikidwa moyenera, alemekezeni. Komiti izikumana pa nthawi yake, ndipo wokanidwa aziuzidwa chifukwa chake polemba. Koposa zonse, kuphunzitsa bwino kuziwerengedwa mokwanira, chifukwa makolo amene akugulitsa mbuzi kuti alipire fizi anatituma ntchito imeneyo.