MAPIRITSI OGONETSA NKHALAMBA ZOIWALA: KODI AKUTHANDIZA NDANI?

Mu mzinda wa Livingstone muli nkhalamba zambiri zolankhula Cinyanja. Zina mwa izo zinacoka ku Chipata, Katete ndi Petauke zikali ndi mphamvu, kudzagwira nchito ya njanji ndi yoceka matabwa ku Zambezi Sawmills, ndipo zakalambira m'makomboni a Maramba, Libuyu ndi Dambwa. Mutu ukayamba kusokonezeka, ana awo kawirikawiri amawakweza basi ndi kuwabweza kumudzi, m'thumba muli kapepala ka mapiritsi. Cotero nkhani iyi ndi yanu, inu owerenga athu amene mumawalandira.

Matenda amene tikunenawa madokotala amawacha dementia. Bongo umafota pang'onopang'ono, ndipo munthu amayamba kuiwala za dzulo pamene za ubwana wake akuzikumbukira bwino, kenaka amasocera pa njira imene wayendamo zaka makumi anai. Mtundu wofala kwambiri ndi umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaulongosola mu 1906. Bungwe la za umoyo la WHO likuti odwala matendawa pa dziko lonse ndi oposa 55 miliyoni, ndipo ocuruka a iwo ali m'maiko osalemera monga lathu lino.

Cimene cimathetsa nzeru abale si kuiwala kokhako ai. Odwala ambiri amagwidwanso ndi mantha, cisoni cacikulu, kusowa tulo, ndi kuona anthu amene kulibe. Agogo abisa ndalama, aiwala pamene abisa, ndiye mlandu wagwera mpongozi. Dzuwa likapendeka ayamba kumanga katundu, ati akupita kwao, cikhalireco ali pakhomo pao. Mayi wokalamba akapezeka mbandakuca pabwalo la eni ali wosabvala, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa licero la ufiti, ndipo ena amenyedwa kufikira imfa. Lamulo la Witchcraft Act limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, koma khamu lokwiya silifunsa za malamulo.

Banja likatopa limapita ku cipatala kukapempha "mankhwala akuti agone." Amene amapezeka msanga ndi haloperidol, chlorpromazine (amene ambiri amawadziwa kuti Largactil) ndi diazepam. Awiri oyambawo ndi amphamvu ndipo amathandizadi anthu odwala misala yeniyeni. Koma sabwezera nzeru zimene zatayika, ndipo m'thupi la nkhalamba ali ndi ngozi. Mu 2005 a FDA, oyang'anira mankhwala ku America, atasanthula mayeso 17, anapeza kuti mwa nkhalamba zoiwala 100 zimene zinamwa mankhwala atsopano a mtundu umenewu, zinai kapena zisanu zinamwalira m'masabata ngati 10, pamene mwa zimene zinamwa mapiritsi opanda mankhwala zinafa zosakwana zitatu. Mu 2008 cenjezolo linafikanso pa mankhwala akale monga haloperidol. Ku Britain, lipoti la Profesa Sube Banerjee la mu 2009 linayerekeza kuti mwa odwala 180,000 opatsidwa mankhwalawa, amene anapindula anali ngati 36,000 okha, ndipo imfa zoonjezereka zinali pafupi 1,800 pa caka.

Njira ya ngoziyo ndi yosabvuta kuimvetsa. Munthu woledzera ndi mankhwala amadzandira, nagwa, nathyoka fupa la m'ciuno. Amatsamwa pomeza, phala nalowera ku mapapo, cibayo n'kuyamba. Ena amauma khosi ndi kunjenjemera manja, ena amafa ziwalo. Diazepam nayenso amaonjezera kugwa ndi kusokonezeka, ndipo thupi limamuzolowera.

Sitikuweruza mayi amene amagulitsa pa msika wa Maramba usana wonse ndi kulondera atate ake usiku wonse. Iyenso afunika tulo. Koma tinene zoona: nthawi zambiri piritsi limapumitsa wosamalira, pamene wodwala wangotsekedwa pakamwa.

Malangizo a WHO kwa anchito a m'zipatala zazing'ono akuti coyamba n'kufufuza cimene cabvuta. Nkhalamba imene yasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri ili ndi nthenda ina: malungo, cibayo, matenda a m'cikhodzodzo, kudzimbidwa, ngakhale dzino lowawa limene ikulephera kulichula. Zimenezi zikacizidwa ukali umatha. Kuiwala kwina kumadza ndi HIV, cindoko cakale kapena mowa, ndipo kupima magazi kungasinthe zinthu. Pakhomo, kudya ndi kugona pa nthawi imodzimodzi, kuunika nyali usiku, kuwapatsa kanchito monga kutongola cimanga, ndiponso kuleka kutsutsana nao, kumacepetsa phokoso koposa mmene ambiri aganizira. Mankhwala amphamvu aja ali ndi malo ake pamene wodwala angadzipweteke kapena kupweteka ena, koma ayambe ndi mlingo waung'ono kwambiri, kwa nthawi yaifupi, ndipo dokotala azimuonanso.

Apa mpamene pali mfundo ya Boma. Cipatala ca Chainama ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, cili pa mtunda woposa makilomita 450 kucokera ku Livingstone. Cipatala cacikulu ca Livingstone cili ndi cigawo ca odwala maganizo, ndipo nyumba ya okalamba ya Maramba imasunga anthu owerengeka cabe. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mental Health Act m'malo mwa lamulo la atsamunda la mu 1949, limene linali kuchula odwala ndi maina acipongwe. Lamulo latsopano limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala, koma ulemuwo udzaoneka pamene wanchito wa pa kiliniki ya kumudzi adzaphunzitsidwa kusiyanitsa dementia ndi misala, nakhala ndi nthawi yoonanso wodwala amene anam'patsa mapiritsi mwezi watha.

Ngati agogo afika kwanu ndi kapepala ka mankhwala, musawaleketse mwadzidzidzi, pakuti diazepam akasiyidwa tsiku limodzi angadzetse khunyu. Tengani mapiritsi onse, pamodzi ndi a kuthamanga kwa magazi ndi a zitsamba, mupite nao ku kiliniki, mukafunse dzina la liri lonse, nchito yake, ndi tsiku limene adzayambe kuwacepetsa.