Mabuku a Kalitera tiwapeza kuti?

M'chaka cha 1886, mu mzinda wa Melbourne ku Australia, kalaliki wa maloya dzina lake Fergus Hume analemba buku lotchedwa The Mystery of a Hansom Cab. Nkhani yake ndi ya munthu amene anapezeka atafa m'ngolo yokokedwa ndi kavalo, apolisi n'kuyamba kusakasaka wakupha. Osindikiza mabuku anamukana, iye n'kusindikiza ndi ndalama zake. Bukulo linagulidwa ngati chimanga cha pa ADMARC mu Febuluwale. Tsoka lake, Hume anagulitsa umwini wa bukulo pa mapaundi 50 okha, ndipo litafika ku London, amene anadyerera ndi ogulawo. Linayenda malonda kuposa nkhani yoyamba ya Sherlock Holmes, yomwe inatuluka mu 1887.

Kuno kwathu tinali ndi Aubrey Kalitera. Atatulutsa A Taste of Business mu 1976 kudzera ku kampani ya Heinemann, anayamba kusindikiza yekha ku Blantyre m'dzina la Power Pen Books. Akuluakulu amene anawerenga Why Father Why amakumbukira mmene ankabwerekanirana mpaka chikuto kuthothoka. Munthu ameneyu sanadikire kuti ena amuyese woyenera. Anadzilimira yekha munda wake.

Chondipweteka n'chakuti buku la Hume likusindikizidwabe mpaka lero, patadutsa zaka zoposa 130, koma a Kalitera ndawafunafuna osawapeza. Ndikatsika kuchokera ku Mulunguzi kulowa m'tauni ya Zomba, ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu amandionetsa mabuku a silabasi ndi mapepala a mayeso akale basi. Mu mzinda womwewu, momwe gulu la alembi la ku Chancellor College linkakumanira!

Ana anga a Fomu 3 amakonda nkhani za umbanda ndi zachikondi, ndipo sindiwaletsa. Mwana wowerenga kuti adziwe wakupha ndani amamaliza buku lonse osakakamizidwa, ndipo chimangirizo chake chimasintha. Koma amaganiza kuti nkhani zotere zimachitikira ku London kapena ku Lagos kokha, osati ku Ndirande.

Inu a Malawi Writers Union ndi a COSOMA, kambiranani ndi eni umwini wa mabukuwa kuti asindikizidwenso, iwo alandire gawo lawo pa buku lililonse logulidwa. Pepala la nyuzi ndi lokwanira, bola mtengo ukhale woti mphunzitsi wa kumudzi angakwanitse. Ine ndiyamba ndi makope khumi a kalabu yathu yowerenga.