Mphamvu ya chitsulo sioneka ndi maso

Aliyense amene anaimapo pamsasa wa osula makasu amadziwa kuti chitsulo chimamvera chikadali chofiira. Wosula amachimenya, kuchibwezera pamoto, kenako n'kuchiviika m'madzi. Akaphonya nthawi yake, khasu limathyoka usanamalize ndime.

Kumafakitale akuluakulu nkhani ndi yomweyi. Chitsulo chimatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 1,200, n'kudutsa pakati pa mawilo olemera omwe amachifinya mpaka chisanduke Y10 kapena Y12 yemwe timagula kuhardware. M'kati mwake muli tinjere tooneka pa maikulosikopu pokha. Chitsulo chikafinyidwa tinjereti timaphwatalala, koma kaamba ka kutentha, tatsopano timabadwa m'malo mwake m'masekondi ochepa. Chikachedwa kuzizira, tinjere timakula. Akatswiri E.O. Hall mu 1951 ndi N.J. Petch mu 1953 anaonetsa kuti tinjere tikakhala tating'ono m'pamene chitsulo chimalimba.

Vuto linali lakuti palibe angasuzumire m'chitsulo chamoto chili paliwiro. Kale mafakitale ankangoyesa, zikakanika n'kuyambiranso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Michael Sellars ndi anzake payunivesite ya Sheffield ku England analemba masamu olosera kukula kwa tinjereti potengera kutentha, kafinyidwe komanso nthawi yomwe chitsulo chimatenga kuchoka pa wilo ili kufika pa linzake. Lero masamu otere ali m'makompyuta, ndipo injiniya amatha kudziwa kulimba kwa chitsulo asanachiike n'komwe m'ng'anjo.

Nanga zikutikhudza bwanji ife a ku Mponela, Balaka kapena Jenda? Zitsulo zambiri zomangira masiku ano zimathiridwa madzi zikangotuluka m'mawilo, monga mwa njira ya Tempcore yomwe inatulukiridwa ku Belgium m'ma 1970. Khungu lake limauma gwa, m'kati n'kutsala mofewerapo kuti chizipindika osathyoka. Ndiye mmisiri wina, pofuna kupeputsa ntchito, amachiotcha pamakala kapena ndi gasi kuti achipinde msanga. Apo ndiye kuti wafufuta zonse zomwe fakitale inawerengetsera, ndipo mwini nyumba, yemwe mwina anagulitsa fodya wa chaka chonse, sadziwa kanthu poti simenti yakwirira kale.

Chinanso n'chakuti kompyuta siikakamiza fakitale kukhala yachilungamo. Zitsulo ziwiri zikhoza kufanana kunenepa, mizere ngakhale dzimbiri, chikhalirecho china n'cholimba, china n'chamgwazo. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinatikumbutsa kuti dziko lathu limagwedezeka, ndipo nthawi yotere chitsulo cha mulintala chimafunika kupirira.

N'chifukwa chake ife tikuti bungwe loona za miyezo la MBS lisamathere pa kuyendera zakudya zam'mashopu. Lizifikanso m'mahardware a m'matauni ang'onoang'ono, kutenga zidutswa za zitsulo n'kukaziyesa, zotsatira zake n'kuzilengeza pawailesi. Mafakitale odalirika amapereka chikalata chosonyeza kulimba kwa zitsulo zawo, choncho oitanitsa katundu azisiya kope la chikalatacho kwa wogulitsa aliyense.

Inunso makolo amene mukumanga, funsani chikalatacho musanapereke ndalama. Ndipo mukaona mmisiri akukoleza moto pafupi ndi zitsulo zanu, muuzeni azimitse, akatenge chopindira.