Saganaki ya Agiriki Sidyedwa ndi Munthu Mmodzi

M'dziko la Greece muli kachakudya kotchedwa saganaki, kamene anthu amayambira asanalandire chakudya chenicheni. Dzinali lidachokera ku kachiwaya kakang'ono ka zogwirira ziwiri kamene amakazingiramo. Wophika amatenga tchizi cholimba, monga kefalotyri chopangidwa ndi mkaka wa nkhosa kapena wa mbuzi, nadula chidutswa chochindikala ngati chala. Amachinyowetsa ndi madzi ozizira, kuchigubuduza mu ufa wa tirigu, nkuchiika m'mafuta a azitona otentha bwino. Mafuta akapanda kutentha, tchizi chimangosungunuka ndi kumwa mafuta ambiri. Pakapita mphindi ziwiri amachitembenuza, ndipo mbali zonse zikafiira amafinyirapo ndimu nkupereka chikadali chamoto.

Anthu ambiri adamva kuti zakudya za Agiriki zimateteza mtima, motero amayesa kuti chilichonse chochokera kumeneko nchabwino kudya mosayeza. Maganizo otere ngolakwika. Mbiriyo idabuka makamaka ndi kafukufuku wa Ancel Keys m'maiko 7, woyamba m'chaka cha 1958, amene adapeza kuti amuna a pachilumba cha Crete sankafa kawirikawiri ndi matenda a mtima. Koma amunawo ankadalira buledi, nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta a azitona, ndiponso ankagwira ntchito yakalavulagaga m'minda ya m'mapiri. Tchizi chinali chongoonjezera.

Nzoona kuti m'tchizi muli zakudya zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Komabe tchizi cholimba chili ndi mchere wambiri, pamodzi ndi mafuta a mkaka amene akachuluka m'thupi amachepetsa njira ya magazi m'mitsempha. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza bwino.

Mwambo wa Agiriki eni ake ndiwo umachepetsa vutoli. Kachiwaya kamodzi kamaikidwa pakati pa tebulo, pambali pa tomato, nkhaka ndi buledi, ndipo anthu angapo amagawana, aliyense nalawa pang'ono. Wodya chidutswa chonse yekha amamezanso mchere wonse yekha. Wophika asathirenso mchere wina, poti ndimu ndiyokwanira, ndipo wodwala nthenda yothamanga magazi ayambe wafunsa kuchipatala asanazolowere chakudyachi.