Laibulale Imodzi ya Onse, Kapena Aliyense Ndi Yake?

Munthu akalemba laibulale ya pakompyuta, tinene yopanikiza mafayilo kapena yobisa mauthenga, ntchito yake imathera pa mulu wa code. Kuti mulu umenewu ufike pa kompyuta ya munthu wogwiritsa ntchito Debian kapena Fedora, pamafunika wina wapakati, wolongedza. Ku Debian iyeyu amawonjezera foda yotchedwa debian, ndipo m'menemo mumakhala mafayilo owerengeka: control yonena dzina la phukusi ndi zimene limadalira, rules yolongosola kamangidwe, copyright yotchula chilolezo cha code, changelog, komanso foda ya patches momwe mumasungidwa zigamba. Kawirikawiri laibulale imodzi imatuluka maphukusi awiri. Ya zlib ili ndi zlib1g, yomwe mapulogalamu amaiitana akamagwira ntchito, ndi zlib1g-dev ya anthu ofuna kumanga mapulogalamu atsopano pamwamba pake.

Mkangano wagona pa munthu wapakatiyu. Ena amati popanda iye zinthu zingasokonekere. Ena, makamaka eni mapulogalamu, amati amachedwetsa zinthu ndiponso amagwiragwira zimene sakuzidziwa bwino, choncho ndi bwino pulogalamu iliyonse iziyenda itanyamula malaibulale ake.

Olongedza ali ndi mfundo yovuta kuigwetsa. Mu Epulo 2014 munapezeka bowo mu laibulale yobisa mauthenga ya OpenSSL, lija analitcha Heartbleed, lomwe linkalola munthu wakutali kusuzumira zimene zili m'memole ya seva, kuphatikizapo makiyi achinsinsi. Pa kompyuta imene mapulogalamu onse ankadalira libssl imodzi, mankhwala ake anali achidule: kulemba apt-get upgrade, kuyatsanso mapulogalamu, kusintha makiyi. Koma kumene pulogalamu iliyonse inali ndi kope lakelake la OpenSSL, munthu ankayenera kudikira mwini pulogalamu aliyense payekha, ndipo ena mwa eniwo anali atasiya kalekale kusamalira zimene analemba. Phunziroli silinayambe chaka chimenecho. Mu 2002 zlib inapezeka ndi vuto, ndipo anthu anavutika kusakasaka makope ake amene anali atabisala m'mimba mwa mapulogalamu ambirimbiri. N'chifukwa chake malamulo a Debian amaletsa kuti phukusi lizigwiritsa ntchito kope lobisika la laibulale pamene laibulaleyo ilipo kale payokha.

Palinso phindu lina limene amene intaneti yawo ndi yotchipa saliganizira. Laibulale yogawana imatsitsidwa kamodzi. Pulogalamu yaing'ono ya Flatpak, imodzi mwa njira zotumizira pulogalamu itanyamula malaibulale ake, ukamaiika koyamba, imatha kukoka mamegabaiti mazana angapo a zinthu zoti iimepo, ndipo wogula bandulo ya pa sabata amazimva m'thumba.

Koma walira mvula walira matope. Laibulale ikakhala imodzi ya onse, kuisintha kumakhudza onse. Iliyonse ili ndi dzina lamkati lotchedwa soname, ndipo nambala yake imakwera pamene mapulogalamu akale sangagwirizanenso ndi mtundu watsopano. OpenSSL itachoka pa libssl.so.1.1 kupita pa libssl.so.3, phukusi linasintha dzina, ndipo chilichonse chodalira laibulaleyi chinayenera kumangidwanso, zina mpaka kukonzedwa. Ntchito yotere imadya miyezi, ndipo ambiri oigwira ndi ongodzipereka, amaichita madzulo akaweruka kuntchito yowalipira. Debian imatulutsa mtundu wake wokhazikika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Wa 12 unatuluka mu Juni 2023, wa 13 mu Ogasiti 2025. Pakati pa nthawi ziwirizi malaibulale amaima pamene anali, amangolandira zigamba za chitetezo ndi za mavuto akuluakulu.

Kwa wosamalira seva, kuima kumeneku ndiye mtendere. Kwa mwini pulogalamu ndi mutu waching'alang'ala, chifukwa madandaulo amabwera kwa iye pa zolakwika zimene anakonza chaka chatha. Jamie Zawinski, mwini XScreenSaver, anafika potopa nazo, n'kuika m'pulogalamu yake uthenga wochenjeza munthu kuti mtundu umene ali nawo ndi wakale. Mu 2016 uthengawo unayamba kuonekera kwa ogwiritsa ntchito Debian, anthu anadandaula, ndipo nkhani ya kuuchotsa itabuka, iye ananena kuti kuli bwino Debian ingosiyiratu kugawa pulogalamu yakeyo. Mawu ake anali aukali, koma ine sindinganene kuti analakwa pa zonse. Dzina limene lili pa pulogalamu ndi lake, ndiye manyazi akabwera amagweranso iye.

Nkhani imene eni mapulogalamu amaitchula kwambiri ndi ya chigamba cha mu 2006. Chida chofufuzira zolakwika chotchedwa Valgrind chinkadandaula kuti OpenSSL ikuwerenga malo a m'memole amene sanalembedwemo kanthu. Wolongedza wa Debian anatseka mizere iwiri yofanana kuti madandaulowo athe. Umodzi unalibe vuto kuuchotsa. Winawo ndi umene unkathira zinthu zosayembekezereka m'chosakaniza chimene makiyi achinsinsi amachokeramo. Utachoka, chimene chinatsala chosiyanitsa kiyi ina ndi inzake chinali nambala ya pulogalamu yoyenda panthawiyo, ndipo nambala zoterozo zinali zosapitirira 32,768. Kiyi imene imayenera kukhala yosatheka kuilota inasanduka yoti wakuba n'kungoyesa zonse mpaka imodzi itatsegula. Zinakhala choncho pafupifupi zaka ziwiri, pa Debian ndi pa Ubuntu pomwe, kufikira Luciano Bello atazitulukira mu Meyi 2008.

Chimene ofotokoza ambiri amachisiya n'chakuti wolongedzayo sanachite mobisa. Anafunsako kwa anthu a OpenSSL asanatseke mizereyo, ndipo yankho limene analandira silinamuletse. Funsolo silinafotokoze bwino kuti chigambacho chikupita kwa anthu mamiliyoni, oyankhawo sanayang'anitsitse, ndipo chigamba chenichenicho sichinabwerere kwa eni ake kuti achione ndi maso awo. Onse awiri analankhula, koma sanamvane. Ndimaona kuti vuto lalikulu linali pamenepa, kuposa pa kukhalapo kwa wolongedza.

Zilankhulo zatsopano za pakompyuta zawonjezera moto. Mu Rust ndi Go mwambo ndi wakuti malaibulale amasokedwera m'pulogalamu yomweyo poimanga, ndipo pulogalamu imodzi imatha kudalira timalaibulale mazana, kalikonse pa nambala yakeyake. Kulongedza kamodzikamodzi monga amachitira ndi zlib kumafuna manja amene kulibe. Fedora inafewetsa lamulo lake mu 2015: phukusi likhoza kunyamula kope la laibulale ngati palibe njira yogwiritsira ntchito ya onse, koma liyenera kulengeza zimene lanyamula. Kumeneku ndi kugonja pang'ono, komabe ndi kugonja kwanzeru, chifukwa tsiku la vuto mndandanda wa malo oyang'ana umakhalapo.

Ndiye pali nkhani ya laibulale yopanikiza mafayilo ya xz, imene mbali zonse ziwiri zimaikokera kwawo. Pa 29 Malichi 2024 Andres Freund, katswiri wa PostgreSQL, analengeza zimene anapeza atadabwa kuti kulowa pa kompyuta kudzera pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1 munali khomo lobisika, loikidwa ndi munthu wodzitcha Jia Tan, yemwe anakhala zaka ziwiri akuthandiza ntchitoyo mpaka kukhulupiriridwa. Otsutsa olongedza amaloza chala pa chigamba: OpenSSH, pulogalamu ya SSH ija, payokha siidalira laibulale ya xz, koma Debian, Fedora ndi ena anailumikiza ndi libsystemd, yomwe inkakoka liblzma, laibulale ya xz ija, ndipo khomolo linadzera pamenepo. Zimenezi n'zoona. Olongedza nawo amayankha kuti chiphecho chinachokera kwa eni ake enieni, m'fayilo imene iwo anatulutsa, ndipo ku Debian ndi Fedora chinangofika m'mitundu yoyesera. Debian yokhazikika, ija amaiseka kuti ndi yachikale, sinakhudzidwe. Komanso vuto litadziwika, kubweza phukusi limodzi kunakwanira. Izinso n'zoona. Kukanakhala kuti pulogalamu iliyonse imatola yokha xz yatsopano n'kuisokera mkati, bwenzi anthu akusakabe makope ake.

Ndikaziika pa sikelo, sizilemera mofanana paliponse. Pa malaibulale amene chitetezo cha kompyuta yonse chatsamirapo, monga OpenSSL, zlib ndi glibc, ine ndili kumbali ya laibulale imodzi yosamalidwa ndi anthu odziwika, ngakhale ichedwe. Pa pulogalamu yojambulira kapena yosewerera, yosintha mwezi ndi mwezi, mwini wake ali ndi chifukwa chomveka chotumizira katundu wake ali womangamanga kudzera mu Flatpak kapena AppImage, bola anene zimene zili mkati ndipo avomere kuti udindo wozikonza wausenza yekha. Ambiri amafuna ufuluwo koma udindowo amauiwala pulogalamu ikangotuluka.

Kumene sindigwirizana ndi olongedza ndi pa zigamba zokhalitsa. Kusintha malo oika fayilo kuti agwirizane ndi dongosolo la Debian ndi ntchito yawo. Kusintha mmene laibulale imagwirira ntchito mkati, osadziwitsa eni ake mokwanira, n'kulowa m'munda wa wina ndi khasu. Debian ili ndi kalembedwe ka mutu wa chigamba kotchedwa DEP-3, ndipo m'menemo muli mzere wa Forwarded, wonena ngati chigambacho chinatumizidwa kwa eni code. Ndikafuna kudziwa ngati phukusi likusamalidwa bwino, ndimalemba apt source ndi dzina lake, n'kutsegula debian/patches. Zigamba zikakhala ziwiri kapena zitatu, chilichonse chikusonyeza kumene chinatumizidwa, ndimatseka n'kupitiriza zanga. Zikakhala makumi awiri, zina za zaka zisanu zapitazo, mzere uja utalembedwa kuti no kapena kulibe n'komwe, ndimayamba kuziwerenga chimodzichimodzi.