Thanthwe long'aluka silimvera masamu aulesi

Pa 19 Disembala 1968, dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya pansi pa nthaka ku Nevada, pa mayeso otchedwa Benham. Akatswiri ankakhulupirira kuti plutonium wotsala pamenepo sangapite patali, chifukwa sasungunuka msanga m'madzi ndipo amakakamira pa miyala. Koma mu 1999 Annie Kersting ndi anzake analemba m'magazini ya Nature kuti plutonium wa bomba lomwelo wapezeka m'zitsime zoyezera madzi pa mtunda wa makilomita 1.3. Anali wochepa kwambiri, zimenezo n'zoona. Nanga anafikako bwanji, pomwe ankati sasuntha? Anakwera matola pa tizidutswa ta dongo tosaoneka ndi maso, toyandama m'madzi oyenda m'ming'alu ya thanthwe.

Kampani kapena boma likabwera ndi mapu okongola a pakompyuta n'kunena kuti poizoni adzatenga zaka mazanamazana asanafike pa chitsime cha anthu, tisamathamangire kuwomba m'manja. Tiziyamba tafunsa ngati masamuwo akudziwa kuti thanthwelo ndi long'aluka.

Mumchenga, madzi amayenda ponseponse mofanana, ndipo masamu ake ndi osavuta. M'thanthwe si choncho. Madzi amasankha ming'alu yochepa chabe n'kuthamanga m'menemo, kwinako kuli gwa. Mng'alu ukakula kawiri m'lifupi, madzi odutsamo amachuluka kasanu n'katatu. Ndiye mng'alu umodzi umene wobowola anaulambalala ndi mita imodzi yokha ukhoza kunyamula madzi ambiri kuposa ina yonse imene anaiyeza. Zosungunuka m'madzimo nazo sizingoyenda. Zina zimalowerera m'timabowo ta mwala m'mbali mwa mng'alu n'kuchedwa m'menemo, monga Ivars Neretnieks wa ku Sweden anafotokozera mu 1980. Zina zimamatirira pa dongo. Madzi a asidi amadya mwala wa laimu n'kukulitsa njira, pomwe madzi ena amasiya zotsalira zimene zimatseka mng'alu, madziwo n'kukhotera kwina. Njira yeniyeniyo imasintha zinthu zikuyenda. Amene angotenga zonsezi n'kuziika pa nambala imodzi ya thanthwe lonse amapeza yankho lokhazika mtima pansi, komanso lotchipa. N'chifukwa chake ndimawatcha masamu aulesi.

Ku Yucca Mountain, komweko ku Nevada, kumene nyumba ya malamulo ya America inasankha mu 1987 kuti kufufuzidwe ngati kungakhale dzala la zinyalala za nyukiliya, anthu ankadalira kuti madzi a mvula amatenga zaka masauzande kuti atsike. Mu 1996 akatswiri a ku Los Alamos anapeza chlorine-36 wochuluka m'ngalande ya pansi pa phirilo, amene anati ndi wochokera ku mabomba ophulitsidwa ku Pacific m'zaka za m'ma 1950. Ngati n'choncho, madzi ena anatsika m'zaka zosakwana 50. Ofufuza ena atabwereza mayesowo sanapeze zofanana, ndipo mkangano unakula, koma unakakamiza opanga masamuwo kuika ming'alu yothamangitsa madzi m'mawerengero awo.

Ena amva zimenezi n'kunena kuti basi, tiwataye makompyutawo. Ndikukana kwamtuwagalu. Palibe munthu angadikire zaka 1,000 kuti aone komwe poizoni wafika. Popanda masamu oyerekezera tingamangolosera m'chimbulimbuli. Chofunika n'kuwayesa pa thanthwe lenileni. Ku Äspö, ku Sweden, akatswiri anakumba malo ofufuzira mamita oposa 400 pansi, n'kumathira mankhwala olondolera mumng'alu umodzi, kenako n'kudikira pa bowo lina kuti aone atulukira liti komanso ochuluka bwanji. Magulu osiyanasiyana ankalosera mayesowo asanachitike, zotsatira zake n'kuonetsa amene walondola ndi amene waphonya. Ku Finland, dzala la zinyalala za nyukiliya la Onkalo linakumbidwa atafufuza ming'alu ya pa Olkiluoto kwa zaka zambiri. Ndi ntchito yodya ndalama komanso yochedwa, koma ndiyo yoyenera kuikhulupirira.

Nkhaniyi si yakutali kwa ife. Mijigo yambiri m'Malawi imatunga madzi m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe la pansi. Lamulo lija loti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30 limadalira dothi losefa. Pamene thanthwe long'aluka lili pafupi ndi pamwamba, mamita 30 sateteza mwana. Ndiponso migodi ikubwera, kuwonjezera pa wa uranium wa Kayelekera ku Karonga umene unatsegulidwa mu 2009.

Choncho mgodi uliwonse ukamapempha chilolezo, bungwe loteteza chilengedwe la MEPA lizifuna kuona mapu a ming'alu, mayeso a mankhwala olondolera ochitikira pamalopo, ndi nthawi yaifupi kwambiri imene poizoni angafikire pa mjigo woyandikana nawo, osati ya pakatikati yokha. Mawerengerowo aperekedwe kwa akatswiri a ku yunivesite ya MUST ndi ku University of Malawi kuti awabwereze paokha, ndipo zotuluka m'zitsime zoyezera zizikawerengedwa pa msonkhano wa mudzi, m'chinenero cha eni mjigowo, chaka ndi chaka.