Ampulifaya yaing'ono imafuna masipika oyenera, osati mawati ambiri

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, Zesco n'kuyamba kuthimitsa magetsi kwa maola oposa theka la tsiku, mabanja ambiri mu Lusaka anaphunzira kusinira magetsi ngati ufa wa kumapeto kwa mwezi. Amene anakwanitsa anagula sola, batire ndi invata. Firiji, mababu ndi mafoni zinapatsidwa malo, koma chilimba chachikulu cha pabalaza chinafunditsidwa nsalu. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa panalibe chifukwa choti nyimbo zizime. Ka ampulifaya kamakono ka class D, kokwana m'manja, kopereka mawati 20 ku sipika iliyonse, sikadya magetsi oposa babu lakale lija la mawati 60, ndipo mukamamvera mwakachetechete kamadya ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Nkhani yagona pa masipika amene mukalumikize.

Mukayenda m'masitolo a zamagetsi, kuchokera ku Cairo Road mpaka ku Kamwala, chimene chimakopa maso ndi nambala yaikulu ya pakatoni, mawati masauzande, pambali pake zilembo zing'onozing'ono zoti PMPO. Nambala imeneyo ilibe muyeso umene opanga onse amagwirizana, choncho musaiwerengere. Mawati enieni amalembedwa kuti RMS. Komanso mawati olembedwa pa sipika sanena za kufuula kwake. Amangonena mphamvu imene sipikayo ingapirire isanapse.

Nambala imene ndimafuna kuti aliyense aziyamba wafunsa ndi ya sensitivity, yolembedwa mu dB. Imanena kukula kwa phokoso limene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi yokha, munthu ataima mita imodzi kutsogolo kwake. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa 84 ndi 92. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma ma dB atatu alionse amatanthauza kuwirikiza mphamvu kawiri. Sipika ya 85 imafuna mawati 80 kuti ifike pamene sipika ya 91 imafika ndi mawati 20 okha. Taonani ndalama ndi batire zimene mwapulumutsa pongowerenga kapepala ka kumbuyo kwa bokosi! Ndipo apa ndi pamene masipika ataliatali oimika pansi amapambana tating'ono ta pashelefu: bokosi lalikulu limalola wopanga kutulutsa besi osaumiriza ampulifaya. Anthu ambiri amaganiza kuti sipika yaikulu imafuna ampulifaya yaikulu, pamene kawirikawiri yaing'ono ndiyo imameza mphamvu.

Nzeruyi si yachilendo. Paul Klipsch anayamba kupanga sipika yake ya Klipschorn m'tauni ya Hope ku Arkansas mu 1946, nthawi imene ma ampulifaya anali ndi mawati owerengeka, ndipo imadzaza chipinda chachikulu ndi wati imodzi kapena mawati awiri. NAD 3020, imene inatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kukhala imodzi mwa ma ampulifaya ogulidwa kwambiri padziko, inalembedwa mawati 20 basi.

Nambala yachiwiri ndi ya ma ohm. Pa ampulifaya yaing'ono, makamaka yakale ya kaunjika, sankhani masipika a 8 kapena 6. A 4 amakoka mphamvu yambiri, ampulifaya n'kumatentha kapena kudzizimitsa. Ndipo musanamizidwe kuti ampulifaya yofooka singaotche sipika. Mukaikwezera mopitirira muyeso mawu amayamba kukhadzula, ndipo kukhadzulako ndi kumene kumapha ka tweeter, ka sipika kakang'ono ka mawu a pamwamba. Mukamva gitala yayamba kulasa m'makutu, tsitsani.

Ngati ndalama zili zochepa, masipika ogwiritsidwapo kale ntchito a Wharfedale, Pioneer, Technics kapena Sony si oipa, bola muwayese musanalipire. Chotsani kansalu ka kutsogolo muone mkombero wa woofer, sipika yaikulu ya mawu a pansi. Ngati ndi wa thovu ndipo ukunyenyeka, dziwani kuti pali ntchito yokonzetsa. Kankhani pang'onopang'ono ndi zala zonse pakatikati: ikamakhula, isiyeni. Ikani khutu pa tweeter iliyonse nyimbo ikulira. Gogodani bokosi kumbali. Likamalira ngati lopanda kanthu, lidzaimba nawo nyimbo iliyonse. Tengani ampulifaya yanu yomwe popita kukayesa, pamodzi ndi nyimbo imene mumaidziwa pamtima. Ine ndimadalira gitala ya Paul Ngozi ndi besi ya kalindula ya PK Chishala. Sipika yabwino imasiyanitsa nsambo iliyonse ya besi ya kalindula. Yabodza imangoti du du du pa liwu limodzi.

Koma pamene anthu ambiri timaonongera ndi pofika nawo kunyumba. Nyumba zathu ndi za mabuloko, pansi simenti kapena matailosi, ndipo zonsezi zimabweza mawu. M'mafulati a ku Kabwata kapena m'nyumba za ku Chelstone, momwe pabalaza ndi popanikiza, chiyeso chimakhala kukankhira masipika m'makona kuti anthu adutse bwino. M'kona besi imachuluka mpaka kuphimba woimba. Atulutseni masentimita 30 mpaka 50 kuchoka pakhoma, makamaka ngati ali ndi bowo la mpweya kumbuyo. Ngati malo palibiretu, gulani a bowo la kutsogolo, kapena tsekani bowolo ndi siponji. M'chipinda chotere musalimbane ndi masipika a ma woofer akuluakulu awiriawiri. Ang'onopo amamveka bwino, ndipo oyandikana nawo khoma adzakulonjeranibe m'mawa.

Ku Woodlands ndi ku Kabulonga vuto limatembenuka. Zipinda ndi zazikulu, mazenera ambiri, sofa ili kutali. Mawu amachepa msanga mtunda ukamakula, choncho kumeneko ndi kumene sipika ya 90 kapena kuposerapo imafunikadi. Musanaganize zogula ampulifaya ina, sendezani mpando. Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pamene mumakhala, mamita awiri kapena atatu, ndipo muwapotolere pang'ono kwa inu. Tweeter ikhale molingana ndi khutu mutakhala pansi. Kapeti kapena mphasa pakati panu ndi masipika, makatani ochindikala pazenera, zimachotsa kuliralira kwa m'chipinda kumene ndalama za ampulifaya sizingachotse.

Za mawaya musataye nazo ndalama. Waya wamba wa kopa wa 1.5 kapena 2.5 mm², wogula ku hardware, ndi wokwanira. Chachikulu n'chakuti chofiira chipite ku chofiira, chakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa mbali imodzi, sipika ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, besi imazimiririka, woimba osadziwika pamene waima. Ambiri amene amadandaula kuti ampulifaya yawo ilibe mphamvu vuto lawo limakhala lomweli.

Ngati m'nyumba muli ana okwawa, onetsetsani kuti sipika iliyonse yakhazikika, sikugwedera pa matailosi. Timphira pansi pa ngodya zinayi timathandiza. Ndipo magetsi a Zesco akathima, zulani ampulifaya pakhoma, chifukwa nthawi imene amabwerera ndi imene zipangizo zambiri zimapsa.